Chingwe chikupotana, chikuduka, sichikupita patali? Musathamangire kutaya reel

Pali dandaulo limodzi lomwe limabwerabwera pakati pa ife owedza kuno ku Blantyre, olo mupite ku dam, olo mutsike ku Chikwawa, mumva zomwezomwezo: reel iyi ndi feki, chingwe chikungopotana, ndikaponya chikugwera pompa, nsomba yaikulu yandidulira. Munthu amasiya reel yabwinobwino, kachipangizo kopukusira chingwe pa ndodo kaja, nkukagula ina, nkuikamonso chingwe cha mtundu womwe uja, vuto nkubwereranso tsiku loyamba lomwelo. Ine ndikuti pa mavuto ambiri amenewa reel ilibe mlandu anzanga, chingwe ndi chomwe sichikugwirizana ndi reel yo, kapena sichikugwirizana ndi nyambo yomwe mwamanga kutsogolo. Ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi mantha, timagula chingwe chonenepa kwambiri poopa kuti nsomba yaikulu itithawa, mapeto ake nyambo siikufika nkomwe pomwe pali nsombayo.

Zingwe zake zilipo mitundu itatu ndipo khalidwe lake nlosiyana kutalitali. Mono ndi nayiloni wamba ija tonse tinakula nayo, yomwe mumaipeza m'ma hardware ndi mumsika wa Limbe kapena ku Ndirande. Imatamuka mukaikoka, siimira msanga, mfundo imagwira bwino, mtengo wake ndi wofikirika. Kuipa kwake imasunga mapindidwe a spool, kagudumu ka pa reel komwe chingwe chimakulungidwapo, komanso dzuwa limaiononga. Braid ndi timaulusi tolukidwa pamodzi, pa paketi mumaona alemba X4 kapena X8 kutanthauza kuchuluka kwa timaulusito, ndipo ulusi wake ndi uja amautchula Dyneema kapena Spectra. Iyi siitamuka, imayandama, ndipo ndi yowonda koopsa poyerekeza ndi mphamvu yake, braid ya 30 lb kunenepa kwake kumangofanana ndi mono ya 8 lb basi. Kenako fluorocarbon, poiona muziti ndi mono koma ndi yolemera, imamira, ndi youma, siioneka kwambiri m'madzi oyera ndipo imapirira kukhulika pa miyala. Inayambira ku Japan mu 1971, ndi yodula, ndipo kwa ambiri a ife ntchito yake yeniyeni ndi leader, kachidutswa ka mita imodzi kapena iwiri komangira kutsogolo, osati kudzaza nayo spool yonse.

Za manambala, lb ya pa paketi imanena kulemera komwe chingwe chimapirira chisanaduke, 1 lb ndi pafupifupi 0.45 kg, ndekuti 10 lb ndi 4.5 kg, 20 lb ndi 9 kg. Koma musamangoona lb yokha chifukwa zingwe zina zotchipazi amangolembapo nambala yaikulu kuti zigulidwe, onani mm, kunenepa kwake. Braid zina makamaka zochokera ku Japan ndi China amalemba PE, apo PE 1 ndi cha m'ma 0.165 mm, PE 2 cha m'ma 0.235 mm, PE 3 cha m'ma 0.285 mm.

Chingwe chikulumpha chokha pa spool

Ili ndiye vuto lalikulu la anthu a spinning reel, reel ija yolendewera kunsi kwa ndodo. Mwatsegula bail, kawaya kokhota komwe kamagwira chingwe pa spool, kuti muponye, chingwe chikungotuluka chokha mapiringupiringu ngati sipuling'i, mukaponya chikumenya timphete ta ndodo nkugwera pafupi. Choyamba tengani reel yanu muione m'mbali mwa spool, pali timanambala talembedwa, mwachitsanzo 0.25/200, kutanthauza kuti reel imeneyo anaipangira chingwe cha 0.25 mm chotalika mamita 200. Manambala aja si okongoletsa ayi. Reel ya saizi 1000 mpaka 2500 imayenda bwino ndi mono ya pakati pa 0.18 ndi 0.25, ya 3000 kapena 4000 imanyamula 0.28 mpaka 0.33 popanda vuto, 0.40 kupita kumtunda nza ma reel akuluakulu a 6000 uko. Nde mupeza munthu watenga ka reel ka 2000 waikamo 0.50 ija asodzi amamangira mbedza za kampango kunyanja, akuti kuti chisaduke. Spool yaing'ono imachipinda chingwe chonenepacho mopanikiza, icho chimakana, chimafuna kuwongoka, nchifukwa chake chikulumpha. Palibe mafuta kapena mmisiri amene angakonze zimenezo achimwene, chotsani muike cha saizi yake.

Ngati saizi ili bho koma chikulumphabe, onani mmene mwadzazira. Chingwe chiyenera kulekera mamilimita 2 kapena 3 chisanafike pamlomo pa spool. Mukadzaza mpaka pamlomo penipeni chimapululuka mulu wonse nthawi imodzi, mukaika chochepanso kwambiri chimakhula pamlomopo potuluka nkukuchepetserani mtunda. Anthu ambiri odandaula kuti sakuponya patali spool yawo ili theka, adakhala akudula pang'onopang'ono miyezi yonseyi osaonjezera.

Chachitatu ndi ukalamba wa chingwe, ndipo apa dzuwa lathuli likutipweteka kwambiri. Mono ikakhala pa spool miyezi yambiri osagwira ntchito imauma nkutenga mapindidwe, makamaka ngati reel imagona mubuti ya galimoto kapena pakhonde m'mwezi wa October. Ina imakalamba isanagulidwe nkomwe, yakhala pabenchi pamsika ikuwombedwa dzuwa tsiku ndi tsiku, mukaiona yatuwa, yasiya kunyezimira, mukaipaka pakati pa zala ikusiya tiufa toyera, isiyeni olo akutsitsireni mtengo. Ngati yanu yangopindika koma ikadali yamphamvu, chotsani spool muiviike m'madzi ofunda, osati owira, kwa mphindi 15 kapena 20, nayiloni imamwa madzi nkufewa. Kapena mangani nsonga ku mtengo, yendani chafutambuyo mamita 40 kapena 50, kokani pang'onopang'ono mpaka itamuke, muona yawongoka. Koma kwa munthu wowedza pafupipafupi mono yasinthidwe kamodzi pachaka, ndi yotchipa kuposa nsomba yomwe muitaye chifukwa cha iyo.

Fluorocarbon pa spinning reel yaing'ono ndiye imaposa apa. Ikapitirira 8 kapena 10 lb imalumpha kuposa mono chifukwa ndi youma mwachibadwa. Ndalama zambiri, mutu kupweteka, ine sindingalangize munthu kuti adzaze nayo spool.

Chingwe chikupotana, chikudzikulunga kunsonga kwa ndodo

Izi nzosiyana ndi zapamwambazi olo anthu amaziphatikiza. Mukatsitsa ndodo chingwe nkukhwepa, chikupotana chokha nkupanga timichira, ndekuti chapoteka, ndipo pali chinachake chomwe chikuchipota.

Pena chimapoteka tsiku lomwe mukuchiika. Pa spinning reel ikani chi spool chogulacho pansi chogona, mbali yolembedwa kumwamba, pititsani chingwe m'timphete, chigwireni ndi zala kapena kansalu konyowa kuti chilowe chokungika, pukusani ka 15 kapena 20 kenako tsitsani ndodo muone. Chikapotana tembenuzani chi spool chija mbali inayo mupitirize. Njira yolowetsa pensulo pakati mnzanu nkugwira ija ndi ya baitcaster, reel yokhala pamwamba pa ndodo, imeneyo ndiyo imafuna chingwe chobwera chikugudubuzika.

Koma chopota chachikulu ndi dzanja lanu lomwe. Nsomba yagwira, ikuthamanga, drag ikulira, ndiye kuti buleki ya reel yomwe imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu, inu mtima uli m'mwamba mukungopukusa handulo osalekeza. Nthawi imeneyo chingwe sichikulowa, koma kuzungulira kulikonse kwa reel kukuika mpoto watsopano, nde handulo imodzi pa reel zambiri imazunguliritsa ka 5 kapena kuposa, tangoganizani mukapukusa ka 30. Drag ikamalira lekani kupukusa, ingogwirani ndodo m'mwamba, nsomba ikaima kwezani ndodo, pukusani mukutsitsa, kwezaninso, choncho. Komanso zolowerani kutseka bail ndi dzanja mukaponya, nkukoka chingwe pang'ono kuti chikungike musanayambe kupukusa, kutseka ndi handulo kumasiya kachingwe kokhwepa pa spool komwe kamadzakola poponya kachiwiri.

Chinanso ndi nyambo zozungulira. Spinner ya mtundu wa Mepps ndi supuni, tinyambo tachitsulo tonyezimira, zimapota chingwe kwambiri, makamaka mukamakoka mothamanga kapena m'madzi oyenda. Olo nyambo ya usipa kapena kachidutswa ka nsomba komwe mwakakoloweka mokhota kamazungulira pokoka. Mankhwala ake ndi swivel, kachitsulo kozungulira komangira pakati pa chingwe ndi nyambo, ndipo ikhale yaing'ono yomwe ikuzunguliradi, iyeseni ndi zala musanamange, zina zadzimbiri zija zimangokhala zokongoletsa. Za ball bearing ndi zodulirapo koma zimagwiradi ntchito. Onaninso kagudumu kakang'ono ka pa bail komwe chingwe chimadutsapo, kakauma ndi mchenga sikazungulira, dontho limodzi la mafuta a makina osokera limakwana.

Chikapoteka kale musachitaye. Dulani zonse za kutsogolo, mbedza, mtovu, swivel, chitsale chingwe chokha. Ngati muli pa boti chitulutseni kumbuyo boti likuyenda pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, ngati muli pamtsinje lolani madzi achitenge, koma pa Shire chitani izi mutaima pamalo okwera, osati kulowa m'madzi kapena kunjuta m'mphepete, ng'ona za kumeneko si nkhani yongomva. Kumudzi kuno ground ya mpira ya udzu imakwana, chitambasuleni muziyenda mukuchikoka pa udzu. Kenako chibwezeni pa reel chikudutsa pakati pa zala.

Mavuto a braid

Braid ndimaikonda, koma ili ndi malamulo ake ndipo amene angoigula koyamba amakhumudwa msanga. Loyamba ndi ili: mwamanga drag mpaka kumapeto koma mukakoka chingwe chikungotuluka, mukuti drag yafa. Siinafe. Braid ndi yoterera, mukaimanga pa spool yachitsulo mwachindunji mulu wonse umazungulira pamodzi. Kuti mutsimikize ikani kachizindikiro ndi maka pa chingwe ndi pamlomo pa spool, kokani, muona zasiyana spool isanasunthe. Chotsani, yambani ndi mono mamita 15 kapena 20 pansi, lumikizani ndi mfundo ya double uni, kenako braid pamwamba. Ngati mono palibe, tepi yakuda ya amagetsi kuzunguliza kamodzi pa spool imathandiza. Ndipotu mono ya pansiyo mutha kuichulukitsa kuti ikupulumutsireni ndalama, braid ya mamita 100 kapena 150 pamwamba ndi yokwanira pa ma dam ndi mitsinje yathuyi, palibe chifukwa chodzazira spool yonse ndi chinthu chodula chomwe sichidzaona madzi.

Lachiwiri ndi timfundo tongobadwa tokha poponya. Timabwera chifukwa braid yalowa pa spool yokhwepa, nde poponya mwamphamvu mizere ingapo imatuluka limodzi nkumangana. Zimachuluka mukamaponya nyambo yopepuka molimbana ndi mphepo, nyengo ya chiperoni kapena mwera kunyanja ndiye mumazionera. Chepetsani braid pa spool ilekere mamilimita 3, tsekani bail ndi dzanja, nyambo isanagwe m'madzi gwirani mlomo wa spool ndi chala kuti chingwe chiwongoke, ndipo pakapita nthawi ponyani patali nkubweza chikudutsa pa zala kuti chikhale chothina. Kamfundo kakabwera musakoke, kanyowetseni ndi malovu mukamasule ndi nsonga ya mbedza kasanathine.

Lachitatu mfundo kupululuka. Mfundo ya clinch yomwe tinazolowera pa mono ija pa braid imaterera. Gwiritsani ntchito mfundo ya Palomar, ndi yosavuta, munthu amaiphunzira madzulo amodzi. Polumikiza braid ndi leader double uni imakwana, koma mbali ya braid zungulizani ka 8 kapena kuposa, mbali ya mono ka 5. Mfundo ya FG ndiye yowonda kwambiri yodutsa m'timphete mosamveka, koma imafuna kuyeserera kunyumba, osati kukaiphunzirira pamadzi dzuwa likuswa mtengo.

Ndipo chonde, mbedza ikakola pansi musazungulize braid ku dzanja nkukoka, imacheka mpaka mkati. Zungulizani ku kamtengo. Musakokenso ndi ndodo kapena reel, braid ya 30 lb imathyola ndodo isanaduke iyoyo. Ma reel a batani otsekeka kutsogolo aja omwe timagulira ana, amenewo braid ayi, mono ya 0.20 mpaka 0.25 basi.

Baitcaster ikungosokonekera

Amene mwayamba kuwedza nsomba ya bass m'ma dam a m'ma estate ku Thyolo ndi Mulanje, mwachilolezo cha eni ake, ambiri mumakopeka ndi baitcaster. Pa reel imeneyi spool yeniyeniyo ndiyo imazungulira poponya, nde nyambo ikachepetsa liwiro spool ikadali kuthamanga chingwe chimafufuma nkumangana mkati. Chala chachikulu ndi ma brake ndi nkhani yoyamba, koma chingwe nachonso chili ndi mbali yake, ndipo apa lamulo latembenuka: baitcaster imadana ndi chingwe chowonda. Braid ya 10 kapena 15 lb imadzilowerera yokha mkati mwa mizere ya pansi mukakoka chinthu cholemera, poponya kachiwiri imagwira mwadzidzidzi, pha, nyambo ya ndalama zambiri yapita yokha pakati pa dam. Braid pa baitcaster iyambire 30 lb, 40 kapena 50 ndiye bwino.

Kwa ophunzira ikani mono ya 0.30 mpaka 0.35, cha m'ma 12 mpaka 15 lb. Ndi yotchipa, ikasokonekera imamasuka mosavuta, ikakanika mumadula osadandaula. Fluorocarbon pophunzirira ayi, ikangopindika pamalo amodzi pamenepo pafooka. Mangani kabatani ka pambali pa handulo mpaka nyambo izitsika pang'onopang'ono mukamasula spool, ikagunda pansi spool iime yokha. Ndipo musalimbane ndi nyambo zopepuka, yochepera magalamu 7 kapena 10 pa baitcaster wamba ndi kudzivutitsa, imeneyo ndi ntchito ya spinning reel.

Nyambo siikuvina, kapena nsomba zikumenya koma sizikukola

Apa ndipomwe anthu ambiri saganizirako za chingwe nkomwe, amangosintha nyambo, mtundu uwu, mtundu uwo, mpaka bokosi lonse kutha. Koma nyambo iliyonse anaipanga kuti iziyenda mwanjira yake ndipo chingwe chimatha kuipha mayendedwe.

Ka spinner ka magalamu 3 kapena 4 pa mono ya 0.40 sikangapite patali ndipo sikangamire bwino, chingwe chikulemera kuposa nyambo. Tinyambo tating'ono timafuna 0.18 mpaka 0.22, kapena braid ya 8 mpaka 10 lb. Nyambo zoyenda pamwamba pa madzi, ma popper ndi anzake, zimafuna chingwe chosamira msanga, mono kapena braid. Mukamanga fluorocarbon imamira nkumakokera mphuno ya nyambo pansi, m'malo mowaza madzi imangomira. Ma crankbait, nyambo zolimba zooneka ngati tinsomba zomwe zimamira mukamakoka, ndi nyambo zonse za mbedza za mano atatu zimakonda chingwe chotamuka pang'ono, chifukwa timbedzato timangogwira pakhungu la mlomo, nsomba ikapukusa mutu pa braid yosatamuka timang'ambuka. Nde ngati nsomba zikumakuthawani pafupi ndi gombe mukugwiritsa ntchito braid, ikani leader ya mono yaitaliko, masulani drag pang'ono. Dziwaninso kuti crankbait yomweyo imamira kwambiri pa chingwe chowonda kusiyana ndi chonenepa, ngati siikufika pansi pomwe mukufuna tsitsani saizi ya chingwe musanagule ina.

Nyongolotsi za pulasitiki ndi ma jig, mbedza za mutu wa mtovu, ndiye zosemphana. Nsomba imangotola mwakachetechete, ndipo mbedza yake ndi imodzi yonenepa yofunika kuibaya mwamphamvu. Mono ikakhala yaitali mamita 30 m'madzi imameza zonse, kugunda kwa nsomba simukumva, mukakoka mphamvu ikuthera m'kutamuka. Apa braid ndi leader ya fluorocarbon ndiye kwawo. M'malo a udzu wambiri, akakombo ndi namasupuni, braid ya 40 kapena 50 lb yopanda leader, chifukwa imadula udzu pomwe mono imangokulunga mtolo wonse.

Owedza chambo, makumba ndi chilunguni ndi nyongolotsi kapena nsima, vuto lanu nthawi zambiri ndi lomwe lija la mantha. Nsomba zimenezi zimajompha mochenjera, m'madzi oyera chingwe chonenepa chimaoneka komanso chimaumitsa nyambo, siigwa mwachibadwa. Siyani chingwe chachikulu mmene chilili ngati mukufuna, koma kutsogolo ikani kachidutswa ka 0.18 kapena 0.20 kotalika ngati mkono, muona kusintha tsiku lomwelo. Mnyamata wa nsungwi pambali panu akamakuposani, muone kaye chingwe chake musananene kuti ali ndi mankhwala. M'madzi a matope a nthawi ya dzinja zoonekazi zilibe ntchito kwenikweni, musataye ndalama pa fluorocarbon. 

Chingwe chikuduka

Chikaduka musafulumire kumanga mbedza ina, yang'anani kaye nsonga yomwe yabwerayo chifukwa imanena chomwe chachitika. Ikabwera yopiringizika kumapeto, chingwe sichinaduke, mfundo ndiyo yamasuka, munazunguliza mochepa kapena simunathinitse. Ikadukira pamfundo penipeni kawirikawiri ndekuti munaikoka youma, kukhulana kumatenthetsa nayiloni nkuifooketsa, nyowetsani ndi malovu nthawi zonse nkukoka pang'onopang'ono, pa fluorocarbon ndiye kwambiri. Ikabwera yokhakhala mukaipapasa, ndi miyala kapena zitsa. Ikabwera yodulidwa bwinobwino ngati ndi lumo, ndi mano. Ndipo ngati chikumadukira pakati popanda chifukwa, nthawi zina poponya pomwe, onani timphete ta ndodo makamaka ka kunsonga. Tengani thonje mulipititse mkati mwa kamphete kalikonse, likakodwa pali mng'alu womwe maso sakuuona, ndipo umapala chingwe pa kuponya kulikonse. Mutha kusintha zingwe khumi, zonse ziduka mpaka kamphete kameneko kasinthidwe. Ndodo zakale za timphete tachitsulo chokha braid imatikumba pakapita nthawi, pa ndodo zoterezo khalani pa mono.

Pa miyala musanamizidwe ndi nambala ya braid. Braid ya 30 lb yokungika ikakhudza mwala wakuthwa imaduka msanga kuposa mono ya 15 lb. M'malo a miyala ngati kunyanja ku Cape Maclear kapena mbali za Shire zamathanthwe ikani leader yonenepa ya mono kapena fluorocarbon, ndipo zolowerani kupapasa mita yomaliza nsomba iliyonse ikatuluka, pakakhakhala dulani mumangenso.

Kenako drag, yomwe ambiri amaimanga mpaka kumapeto. Iyenera kuyamba kutulutsa chingwe mphamvu ikafika gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwecho. Sikelo siikufunika, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Chingwe cha 10 lb chimaduka cha pa 4.5 kg, nde thirani lita imodzi ndi theka m'botolo, limangeni ku chingwe, kokani molunjika kuchokera pa reel osapinda ndodo, drag iyambe kuterera botolo likamanyamuka. Njira yomweyo muyesere chingwe chatsopano musanapite nacho kutali: mangani ku chigubu chopanda kanthu, nsonga inayo ku kamtengo, nyamulani muzithira madzi pang'onopang'ono mpaka chiduke. Chikalembedwa 20 lb nkuduka pa malita 4, mwadziwa chomwe mwagula, ndipo mwadziwira kunyumba osati ku Chikwawa mutawononga kale mafuta.

Ndi drag yabwino chingwe cha 4.5 kg chimatulutsa nsomba yolemera kuposa pamenepo, chifukwa m'madzi simukuinyamula, mukungoitopetsa. Pomwe chingwe chonenepa chimafunikadi ndi pomwe nsomba ilibe malo othamangira, mlamba waukulu pakati pa zitsa ndi bango, kapena vundu kumunsi kwa Shire. Apo inde mono ya 0.40 mpaka 0.50, koma pa reel ya saizi yake, 6000 kupita kumtunda. Mlamba susamala zoona chingwe, umasaka ndi ndevu zake ndi fungo, nde musavutike ndi leader yodula.

Kwa amene muli ndi reel imodzi yokha, spinning ya 3000 kapena 4000, ndipo mukufuna kuti igwire paliponse, ine ndingaike braid ya 15 kapena 20 lb pamwamba pa mono, nkumasintha leader malinga ndi tsiku, yowonda ya makumba, ya 12 lb ya bass, ya 20 kapena 25 lb pa miyala. Thumba likakana, mono yatsopano ya 0.28 imagwira ntchito zambiri kuposa mmene anthu amaganizira, bola ikhale yatsopanodi.

Mcheni wa ku Lower Shire

Tigerfish, mcheni wa mano uja wopezeka kumunsi kwa mathithi a Kapichira kutsika Chikwawa, Nchalo mpaka Elephant Marsh ndi Chiromo, umafuna zake zokha. Palibe mono, braid kapena fluorocarbon ya saizi yoponyeka yomwe ingapirire mano ake, kunenepetsa chingwe chonse sikuthandiza, mungotaya mtunda nkudulidwabe. Pamafunika waya kutsogolo, wa 30 kapena 40 lb, wotalika masentimita 20 mpaka 30, womangidwa ndi swivel yaing'ono yakuda. Yonyezimira ayi, chifukwa mcheni wina umatha kumenya swivel yo nkudula chingwe pamwamba pa waya. Mlomo wake ndi fupa lolimba, nde braid ya 20 kapena 30 lb imathandiza kuti mbedza ilowe, ndipo ambiri amachotsa mbedza ya mano atatu pa supuni nkuikapo imodzi yakuthwa kwambiri, imabaya bwino ndipo siitayika msanga nsomba ikalumpha. Pakati pa braid ndi waya ikani mita imodzi ya mono ya 25 kapena 30 lb kuti pakhale potamukira pang'ono ikamenya mwadzidzidzi, komanso mupeze pogwira ndi dzanja potulutsa. Ukalumpha tsitsani ndodo chammbali koma chingwe chisakhwepe. Waya akangopindika nsomba imodzi itatuluka msintheni, kumuwongola ndi zala sikumubwezera mphamvu, adzadukira pomwe anapindikapo, nde popita kumeneko konzeranitu asanu kapena asanu ndi mmodzi kunyumba muwaike m'kapepala ka pulasitiki aliyense payekha kuti asakolane.